Mafayilo otsalira amene amagwetsa build: kuwasaka mu Git ndi pa seva ya CI

Pa kompyuta yanu pulogalamu ikumangika bwinobwino, mayeso onse akudutsa, koma mukangopanga push, CI, seva imene imamanga ndi kuyesa code yokha, ikufiira kusonyeza kuti zalephera. Kapena zatembenuka: seva ikuti zonse zili bwino, koma mnzanu amene wapanga clone m'mawa uno palibe chikumuyendera. Nthawi zina Git imangokana kusintha branch, n'kukulemberani kuti `The following untracked working tree files would be overwritten by checkout`. Nthawi zinanso build, ntchito yomanga pulogalamu kuchokera mu code, imadutsa Lolemba, Lachiwiri n'kugwa, pa commit yomweyomweyo, popanda wina kusintha ngakhale chilembo chimodzi.

Zikatere anthu amathamangira kukayikira compiler, netiweki, kapena library imene yatuluka kumene. Musanafike kumeneko yambani mwadzifunsa kuti: m'foda imene build ikuchitikira muli chiyani chimene mu repository mulibe? Kawirikawiri vuto limakhala pomwepo. Fayilo ina inatsala pa build ya dzana, kapena munailemba nokha n'kuiwala kuipanga commit, ndipo build yayamba kuidalira mwakachetechete.

## Magulu atatu a mafayilo

Git imagawa zonse za m'foda yanu patatu. Pali mafayilo amene ikuwatsatira, amene munawapangapo `git add`. Pali amene ali m'foda koma Git sinauzidwe kanthu za iwo, ndipo `git status --short` imawaika chizindikiro cha `??`. Ndiye pali amene munaiuza kuti isamawatchule, kudzera mu `.gitignore`. Awa chizindikiro chawo ndi `!!`, koma sichioneka pokhapokha mutachipempha.

Chosokoneza n'chakuti malamulo amene ambiri timayesa kuti amayeretsa foda amangogwira gulu loyamba. `git reset --hard` imabwezera mafayilo otsatiridwa mmene analili pa commit, koma a `??` ndi a `!!` imawasiya pompo ngati sakuitsekereza njira. `git switch` ndi `git pull` n'chimodzimodzi. Munthu akanena kuti "ndapanga reset, kwanga n'koyera", wanena zoona pa gulu limodzi lokha. Compiler siidziwa za magulu amenewa. Ikapeza fayilo pamalo pamene imayang'ana, imaiwerenga basi.

Dziwaninso kuti `.gitignore` siichotsa fayilo, ndipo siiteteza fayilo. Imangouza Git kuti ikhale chete. Chowawa n'chakuti Git imatenga mafayilo a `!!` ngati otayika kale: mukasamukira ku branch imene ili ndi fayilo ya dzina lomwelo, yanuyo imafafanizidwa popanda chenjezo, pamene ya `??` ikanakuimitsani ndi uthenga uja.

Musanachotse kanthu, onani kaye zimene zilipo:

```
git status --short --ignored --untracked-files=all
git clean -ndx
```

Lamulo lachiwirilo silichotsa kanthu, chifukwa `-n` amatanthauza "ndionetse chabe". Likupatsani mndandanda wa chilichonse chimene chili m'foda koma si cha mu repository. Uwerengeni modekha, mzere ndi mzere. Ngati `git status` yakhala ikukuuzani kuti zonse zili bwino pomwe mndandandawu ndi wautali modabwitsa, onani ngati wina sanaike `status.showUntrackedFiles` pa `no` mu config. Onaninso `git ls-files -v`: mzere woyamba ndi chilembo chaching'ono kapena `S` ukusonyeza fayilo imene inabisidwa ndi `--assume-unchanged` kapena `--skip-worktree`, ndiye kuti ikhoza kukhala yosiyana ndi ya mu commit Git osanena kanthu.

## Kwanu ikuyenda, kwa ena ikugwa

Yeso lachangu kwambiri silifuna n'komwe intaneti:

```
git clone . ../yesero
cd ../yesero
```

Kenako pangani build mmenemo monga mwa nthawi zonse. Clone imatenga zokhazo zimene zili mu commit. Build ikagwa mu `yesero` pomwe m'foda yanu ikudutsa, mlandu watha: pali fayilo imene muli nayo nokha. Uthenga wa cholakwikacho ukuuzani dzina lake. Bwererani m'foda yanu mufunse Git chifukwa chimene sinaitengere:

```
git check-ignore -v src/lib/masiku.ts
```

Yankho limatchula fayilo ya malamulo, nambala ya mzere, ndi lamulo lenilenilo limene laimeza, mwachitsanzo `.gitignore:17:lib/`. Likabwera lopanda kanthu, ndiye kuti palibe chaibisa, munangoiwala `git add`.

Chitsanzo cha `lib/` chimenechi chimagwira anthu ambiri. GitHub ili ndi ma `.gitignore` okonzeratu a zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo ya Python ili ndi mizere ngati `build/`, `dist/` ndi `lib/`. Pa pulojekiti ya Python yokha zilibe vuto. Koma tsiku limene mwaonjezera mbali ya JavaScript mu repository yomweyo, n'kuika code yanu mu `src/lib/`, foda yonseyo imasowa m'maso mwa Git. Chifukwa chake n'chakuti lamulo lopanda `/` kumayambiriro kapena pakati limagwira dzinalo paliponse, ngakhale mkati mwenimweni mwa mafoda. Mukalemba `/lib/` limangogwira ya pamwamba penipeni pomwe pali `.gitignore` imeneyo. Ena amangopanga `git add -f` n'kupitiriza ntchito. Zimathandiza lero, koma fayilo yotsatira imene wina adzalenge m'foda imeneyo idzasowanso. Konzani lamulolo.

Pa chizindikiro cha `!`, chobwezera fayilo imene lamulo lina laibisa, pali msampha wake. Git ikauzidwa kusiya foda yonse, siilowanso mkatimo, choncho `!config/chitsanzo.yml` pansi pa `config/` sichita kanthu. Lembani `config/*` ndipo kenako mzere wa `!` uja, apo zitheka.

Malamulo obisa mafayilo samangokhala mu `.gitignore` ya pulojekiti. Alinso mu `.git/info/exclude`, imene siipita kwa wina aliyense, ndi mu fayilo ya munthu payekha imene `core.excludesFile` imaloza, imene mwachizolowezi imakhala `~/.config/git/ignore`. Munthu amene zaka zapitazo anaikamo `*.dll` kapena `*.sql` akhoza kukhala akusiya mafayilo ofunika pa pulojekiti iliyonse osadziwa. `check-ignore -v` imaulula zonsezi.

Pali lina limene limafanana ndi limeneli koma gwero lake ndi losiyana. Windows ndi macOS, mmene zimabwerera, sizisiyanitsa `Logo.png` ndi `logo.png`, pamene Linux, imene maseva ambiri a CI amayendera, imasiyanitsa. Code ikuitana `logo.png`, mu repository muli `Logo.png`, kwanu zikuyenda, pa seva fayilo "palibe". Onani dzina limene Git yasunga ndi `git ls-files`, ndipo sinthani ndi `git mv`, osati mu Explorer kapena Finder.

## Munachotsa source, koma chotuluka chake chidakalipo

Ili ndilo vuto loipa koposa, chifukwa silifiiritsa kanthu. Build imadutsa pomwe inayenera kugwa. Zili ngati kuphika nsima mumphika wa makoko a dzulo: chimene chafika pa mbale si ufa wa lero wokha.

Zida zambiri zopangira build zimadziwa kuona fayilo yatsopano kapena yosinthidwa, koma siziona fayilo imene yachoka. Mu Java, mukachotsa kapena kusintha dzina la class, fayilo yake ya `.class` ikhoza kutsala mu `target/classes`, ndipo code ina imene ikuitanabe dzina lakale imapitiriza kuyenda mpaka wina atapanga `mvn clean`. Mu C, lamulo la `ar r` limaonjezera kapena kusintha ma `.o` mu library ya `.a`, koma silichotsa akale. Function imene munaifafaniza mwezi watha imakhala idakali mmenemo, linker n'kumaipeza. Mankhwala ake ndi mzere umodzi mu Makefile, `rm -f $@`, pamwamba pa mzere wa `ar`. Mu TypeScript, `tsc` siichotsa ma `.js` akale mu `outDir`, ndiye mayeso amene munawachotsa akhoza kumayendabe kuchokera mu `dist/`.

Python ili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Mu Python 2, fayilo ya `.pyc` inkakhala pambali pa `.py`, ndipo mukachotsa `.py`, `import` inkangotenga `.pyc` yotsalayo ngati palibe chachitika. Python 3.2, ya mu 2011, inasamutsira ma `.pyc` mu `__pycache__` n'kusiya kuwawerenga ngati source palibe. Koma Python 3.3, ya mu 2012, inalola kuti foda yopanda `__init__.py` ikhale package. Taonani chimene chimachitika: mwachotsa package ya `malipiro/` pa branch ina, mnzanu wapanga pull, Git yachotsa ma `.py` onse, koma fodayo siingaichotse chifukwa mkati mwatsala `__pycache__`. Kwa iye `import malipiro` ikudutsabe, package yopanda kanthu mkati, ndipo cholakwika chimadzaonekera kutsogolo ngati `AttributeError` yosamveka mutu wake. Pa clone yatsopano chikanaoneka pa mzere wa `import` pomwepo.

Palinso njira yotembenuka, pamene fayilo yosokera imalowa yokha mu build. Makefile yokhala ndi `$(wildcard src/*.c)`, CMake yokhala ndi `file(GLOB ...)`, Go imene imatenga `.go` iliyonse ya m'foda, Maven imene imatenga zonse za pansi pa `src/main/java`: zonsezi zimanyamula chilichonse chimene zapeza. Munakopera `seva.c` kukhala `seva_yakale.c` kuti muyerekezere, mwaiwala, ndipo linker ikudandaula za `multiple definition`. Olemba CMake eni ake amalangiza kusagwiritsa ntchito GLOB posonkhanitsa source. Kuyambira CMake 3.12 pali `CONFIGURE_DEPENDS`, imene imaunikanso foda pa build iliyonse, koma imeneyo imangothandiza kuona mafayilo atsopano, siisiyanitsa ofunika ndi osokera. Ine ndimakonda kulemba mayina a mafayilo mmodzimmodzi, ngakhale kuti n'zotopetsa.

Potumiza ku seva ya makasitomala nkhani ndi yomweyi. `rsync` yopanda `--delete` imaonjezera zatsopano n'kusiya zakale, ndiye tsamba la PHP limene munalichotsa chifukwa linali ndi chiboo limakhala lidakatsegukabe kwa aliyense wodziwa adiresi yake. Yesani kaye ndi `--dry-run`, ndipo mafoda a zithunzi zimene anthu amatumiza muwapatule ndi `--exclude`.

## Kuyeretsa osadzipweteka

`git clean` ndiyo tsache lake, koma ilibe njira yobwerera. Fayilo imene sinapangidwepo `git add` Git ilibe kope lake paliponse, `reflog` singakuthandizeni, ndipo siipita mu Recycle Bin. N'chifukwa chake Git imakana kuyendetsa lamuloli popanda `-f`.

Zilembo zake n'zochepa. `-f` yekha amachotsa mafayilo a `??`. Mukaonjezera `-d` amalowanso m'mafoda amene Git sikuwatsatira. `-x` wamng'ono amachotsa a `??` ndi a `!!` omwe. `-X` wamkulu amachotsa a `!!` okha, kusiya ntchito yanu yatsopano imene simunaipange commit, ndipo pa kompyuta ya munthu ameneyu ndiye woyenera kuyamba naye. Kumbukiraninso kuti lamuloli limayambira m'foda imene mwaima, osati pamwamba pa repository.

Choopsa chili pa gulu la `!!`, chifukwa mmenemo mumasakanikirana zinthu ziwiri zosiyana kwambiri: zimene build ingazipangenso, ndi zimene palibe angazipangenso. `.env` yokhala ndi mapasiwedi, database ya SQLite imene mwakhala mukuyeseramo, keystore ya `.jks` yosainira pulogalamu ya Android, zonsezi zimakhala mu `.gitignore` limodzi ndi `node_modules`. Git siidziwa kusiyana kwake. Zipatuleni nokha:

```
git clean -ndx -e .env -e '*.jks'
git clean -fdx -e .env -e '*.jks'
```

Chabwino koposa n'kusasunga zinthu zoterezi m'foda ya pulojekiti n'komwe. Ngati mukukayika, `git stash -u` imasunga mafayilo a `??` pambali m'malo mowataya, ndipo `git stash -a` imatenga ndi a `!!` omwe, ngakhale kuti imachedwa ngati `node_modules` ndi yaikulu.

Mukaona foda ikukana kuchoka ngakhale mwapanga `-fdx`, yang'anani ngati mkati mwake mulibe `.git`. Git siichotsa repository ina imene ili mkati mwa yanu pokhapokha mutalemba `-f` kawiri, `-ffdx`. Izi zimachitika kawirikawiri submodule ikachotsedwa pa branch ina, foda yake n'kutsala.

Uthenga wa `would be overwritten by checkout` uja tsopano ndi wosavuta. Branch imene mukupitako ili ndi fayilo ya dzina lofanana ndi yanu ya `??`. Isunthireni pambali ndi `mv`, sinthani branch, yerekezerani ziwirizo ndi `diff`, kenako sankhani yosunga.

Palinso kafayilo kamodzi kosokera kamene kamakhala mkati mwa `.git` mwenimwenimo. Magetsi akathima Git ili pakati pa ntchito, kapena job ya CI ikaphedwa, kamatsala `.git/index.lock`, ndipo lamulo lililonse lolemba limakana ndi mawu akuti `File exists`. Onani kaye ndi `pgrep -a git` kuti palibe Git ina ikuyenda, kuphatikizapo ya mkati mwa editor yanu, kenako kachotseni ndi `rm`.

## Pa seva ya CI

Funso loyamba ndi lakuti: job iliyonse imayamba pa makina atsopano, kapena m'foda imene inagwiritsidwapo kale ntchito? Ma runner, amene amayendetsa ma job a CI, akakhala a GitHub eni ake amapereka makina atsopano pa job iliyonse, ndiye zotsalira sizingadutse kupatula kudzera mu cache. Mukaika runner wanu, kapena muli ndi Jenkins pa kaseva ka mu ofesi, foda imakhala yomweyo tsiku ndi tsiku.

Chida chilichonse chili ndi khalidwe lake. `actions/checkout` ya GitHub imapanga `git clean -ffdx` ndi `git reset --hard HEAD` yokha, pokhapokha wina atalemba `clean: false`. GitLab Runner, pa `GIT_STRATEGY` ya `fetch`, imagwiritsanso ntchito foda yakale koma imayeretsa molingana ndi `GIT_CLEAN_FLAGS`, imene imabwera ili `-ffdx`. Ngati zotsalira zikupulumuka, fufuzani mu `.gitlab-ci.yml` ngati wina sanaisinthe kukhala `none` pofuna liwiro. Buildbot imakupatsani chisankho poyera: `mode='incremental'` siichotsa kanthu, pamene `mode='full'` imatsatira `method`. Apa `clean` imachotsa a `??` n'kusiya a `!!`, `fresh` imachotsa onse, ndipo `clobber` imagumula foda yonse n'kupanga clone ina. Mayina a `clean` ndi `fresh` amapusitsa, chifukwa ma `.o` ndi ma `.class` amene mukufuna achoke ali m'gulu limene `clean` imalisiya.

Jenkins siiyeretsa yokha. Muyenera kuonjezera "Clean before checkout" pa Git plugin, kapena kuitana `deleteDir()`, kapena `cleanWs()` ngati muli ndi Workspace Cleanup plugin. Ndipo ma build awiri a job imodzi akayenda nthawi imodzi, wachiwiri amapatsidwa foda ina yothera ndi `@2`. Foda imeneyo ili ndi zotsalira zakezake, za tsiku lina, mwina za branch ina. Apa ndi pamene pamachokera build yodutsa Lolemba n'kugwa Lachiwiri. Musanakanize batani loyendetsanso, onani pamwamba pa log dzina la makina ndi la foda, muyerekezere build yodutsa ndi yogwa.

Nthawi zina kuyeretsako kumalephera, mu log muli `failed to remove` ndi `Permission denied`. Pa Linux wolakwa amakhala Docker kawirikawiri. Container ikuyenda ngati root, mwailumikiza ku foda ya ntchito ndi `-v`, ndipo zonse zimene yalemba ndi za root, pomwe runner ndi munthu wamba wopanda mphamvu yozichotsa. Zipezeni ndi `find . ! -user "$(id -un)"`, zichotseni kamodzi ndi `sudo`, kenako konzani gwero poyendetsa container ndi `--user "$(id -u):$(id -g)"`. Musapatse runner `sudo rm -rf` yokhazikika, tsiku lina variable idzakhala yopanda kanthu. Pa Windows chifukwa chimakhala pulogalamu imene yatsala ikuyenda itagwira fayilo, monga Gradle daemon kapena mayeso amene sanatsekedwe, kapenanso njira ya fayilo yopitirira zilembo 260 mkati mwa `node_modules`, imene `core.longpaths` imathandizapo.

Tsono pali zotsalira zimene `git clean` singazifikire chifukwa zili kunja kwa foda. `mvn install` imaika zimene yamanga mu `~/.m2/repository`, ndipo job ya branch ina ikhoza kutola SNAPSHOT imeneyo n'kudutsa ndi code imene si yake. Pa CI gwiritsani ntchito `mvn verify` ngati palibe chifukwa chenicheni cha `install`. `pip install` yopanda virtualenv, `npm install -g`, mafayilo a mu `/tmp` okhala ndi dzina lokhazikika, zonsezi n'zofanana. Cache ya CI nayonso ndi chotsalira chimene mwachiitana nokha, ndiye key yake ichokere pa hash ya lock file, kuti dependency ikasintha cache yakale itayidwe.

Anthu sakana kuyeretsa chifukwa cha ulesi chabe. Amene akugwira ntchito pa bandulo ya pa foni amadziwa mtengo wa kukoperanso `node_modules` yonse. Koma yankho si kusiya foda yauve. Siyanitsani zokopera ndi zomangidwa. Zokopera zikhale mu cache ya kunja kwa foda, monga `~/.npm`, ndipo `npm ci --prefer-offline` idzamanganso `node_modules` kuchokera mmenemo osadya bandulo yambiri. Pa C ndi C++, `ccache` imabweza liwiro limene mwataya, ndipo imayang'ana zimene zili mu source, osati nthawi imene fayilo inasinthidwa.

## Zimene zinalowa kale mu repository

`git add .` ndi `git add -A` zimanyamula chilichonse cha `??`. Umu ndi mmene mumalowera `.DS_Store` ya macOS, `Thumbs.db` ya Windows, ma `.swp` a Vim, ma `.orig` a `git mergetool` ndi ma `.rej` a patch yokanika. Kulemba dzina mu `.gitignore` fayilo italowa kale sikuthandiza, chifukwa malamulowo sagwira mafayilo otsatiridwa. Apezeni, kenako atulutseni:

```
git ls-files -ci --exclude-standard
git rm -r --cached .idea
```

`--cached` imasiya fayilo pa disiki yanu, koma yanu yokha. Anzanu akadzapanga pull, kwa iwo commit imeneyo ndi yochotsa fayilo, ndipo idzachoka. Ngati ndi fayilo ya config imene aliyense amaidalira, achenjezeni asanapange pull, ndipo ikani chitsanzo chake mu repository pansi pa dzina lina.

Ma `.orig` amaleka kubwera mukalemba `git config --global mergetool.keepBackup false`. Za `.DS_Store` ndi anzake, malo ake enieni ndi fayilo ya munthu payekha ija, koma pa gulu la anthu ambiri ndimaziikabe mu `.gitignore` ya pulojekiti, chifukwa si onse amene adzakonze zawo.

Ikakhala pasiwedi kapena API key, kuichotsa pa commit yatsopano sikukwanira, idakali m'mbiri. Choyamba, isintheni kumene inachokera, itengeni ngati yabedwa kale. Kulembanso mbiri ndi `git filter-repo --invert-paths --path .env` kubwere pambuyo, ndipo kumasintha hash ya commit iliyonse yokhudzidwa, ndiye onse ayenera kupanganso clone. Chida chomwechi chimathandiza GitHub ikakana push chifukwa cha fayilo yoposa 100 MB imene munaichotsa kale koma idakali mu commit yam'mbuyo.

Docker siiwerenga `.gitignore`. `COPY . .` imatenga zonse za m'foda, `.env` ndi `.git` zomwe, pokhapokha mutalemba `.dockerignore`. Njira ina ndi `git archive HEAD | docker build -`, imene imapereka zokhazo za mu commit, ngakhale kuti ma submodule imawasiya. npm imawerenga `.gitignore`, koma mukangoika `.npmignore` pambali pake imasiya kuiwerenga. Lembani mndandanda wa `files` mu `package.json`, ndipo onani zimene zikupita ndi `npm pack --dry-run` musanatulutse.

## CI izikugwirirani

Kuyeretsa build isanayambe kumateteza build ya lero. Kuti mudziwe chimene chikulenga zinyalalazo, unikani foda build itatha:

```
if [ -n "$(git status --porcelain --untracked-files=all)" ]; then
  git status --short
  exit 1
fi
```

Sitepe imeneyi ikafiira, pali chimodzi mwa zitatu. Mwina build yalemba fayilo imene `.gitignore` siikuidziwa. Mwina mayeso asiya zinthu zawo m'foda ya source m'malo mwa foda yongoyembekezera. Kapena build yasintha fayilo yotsatiridwa, monga `npm install` kulembanso `package-lock.json`, kapena code yopangidwa ndi makina imene wina anaiwala kuipanganso asanapange commit. Musathamangire kuonjezera mzere mu `.gitignore` nthawi iliyonse. Funsani kaye ngati fayiloyo ingalembedwe kwina. Zomangidwa zonse zikamapita m'foda imodzi, monga `cmake -S . -B build` imachitira, `.gitignore` imakhala yaifupi ndipo kuyeretsa ndi kungochotsa foda imeneyo.

Lingaliroli si lachilendo. `make distcheck` ya Automake imamanga kuchokera mu tarball, m'foda ina, source itatsekedwa kuti isalembedwe, ndipo imakana ikapeza mafayilo otsala pambuyo pa `distclean`.

Ngati mumalemba version ndi `git describe --dirty`, dziwani kuti mawu a `-dirty` amangobwera fayilo yotsatiridwa ikasintha. Fayilo ya `??` imene yalowa mu build kudzera mu wildcard siisintha dzina la version, ndiye binary ikhoza kunyamula dzina la tag yoyera pomwe mkati muli code imene palibe commit ili nayo. Zotulutsa kwa anthu zimangidwe kuchokera pa clone yatsopano nthawi zonse, ngakhale ma build a tsiku ndi tsiku mutawalola kugwiritsanso ntchito foda. Ngati clone yonse ndi yolemera pa push iliyonse, ikani job imodzi ya usiku yoyamba pa foda yopanda kanthu ndi cache yozimitsa.

Amene adakali pa Subversion, `svn status --no-ignore` imaonetsa `?` ndi `I` m'malo mwa `??` ndi `!!`, ndipo kuyambira version 1.9, ya mu 2015, `svn cleanup --remove-unversioned --remove-ignored` imachita ntchito ya `git clean -fdx`. Pa Mercurial ndi `hg purge --all`, ndipo `--print` imakuonetsani mndandanda osachotsa kanthu.